Chikwangwani ndi Lilime la Wothandiza

Munthu woyenda pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo akangopitirira Bvumbwe, maso ake amakhuta ndi kubiriwira kwa tiyi. Mizere ya timitengo tometedwa bwino imakwera ndi kutsika zitunda mpaka kumene maso alekeza. M'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, m'minda imeneyi mumadzaza amayi ndi abambo oberekera madengu kumsana, akuthyola nsonga zanthete zokakweza pasikelo. Koma mvula ikatha masamba amachepa, ndipo ambiri mwa antchito olembedwa kwa nyengo yochepa amabwerera kumudzi kukadikira dzinja lina. Ndi m'miyezi yotereyi, m'thumba mutauma, pamene pakhomo pamafika munthu wonena kuti akudziwa kumene kukufunika antchito ndipo ali wokonzeka kuthandiza.

Pofuna kuteteza anthu kwa othandiza amtundu umenewu, maboma ena adakhazikitsa malamulo okakamiza eni malo osiyanasiyana kupachika zikwangwani zochenjeza anthu za mchitidwe wozembetsa ndi kugulitsa anthu. Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo ndi oyenera kuwaunika mofatsa. Funso lake ndi ili: kodi lamulo lotere litafika m'minda ya tiyi ya ku Thyolo lingapulumutse munthu? Yankho ndi lakuti lingathe, koma pokhapokha litasamala zinthu zitatu zimene malamulo otere amazipeputsa kawirikawiri, zomwe ndi nthawi imene chikwangwani chikulankhula, mawu amene chikugwiritsa ntchito, ndi munthu amene adzayankhe pamene wowerenga wapempha thandizo.

Poyamba ndi bwino kumvetsa mlandu umene ukunenedwawu. M'chaka cha 2000 mayiko a m'bungwe la United Nations adakonza pangano lomwe lidayamba kusainidwa mumzinda wa Palermo ku Italy, ndipo dziko la Malawi lidalowa m'panganoli mu 2005. Malinga ndi panganoli, mlandu wozembetsa anthu uli ndi mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi chochitikacho, monga kulemba munthu, kumunyamula, kumusunga kapena kumulandira. Yachiwiri ndi njira yake, monga kunamiza, kuopseza, kukakamiza kapena kupezerapo mwayi pa kusowa kwa munthu. Yachitatu ndi cholinga, chomwe ndi kumudyera masuku pamutu pomugwiritsa ntchito yakalavulagaga, uhule kapena ukapolo. Ngati wotengedwayo ndi mwana wosakwana zaka 18, mlandu ulipo ngakhale pasakhale kunamiza kapena kuopseza kulikonse. Ndiponso mlanduwu sulira kuti munthu adutse malire a dziko. Mwana wotengedwa ku Thekerani kukagwira ntchito yopanda malipiro m'nyumba ya ku Ndirande wazembetsedwa chimodzimodzi ndi amene wawolotsedwa nyanja.

M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino idakhazikitsa lamulo lapadera lothana ndi mchitidwewu. Wozembetsa munthu wamkulu angathe kukhala m'ndende zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21, ndipo pamene mlandu wachitika mwankhanza zoposa, chilango chake ndi ndende moyo wonse. Lamulo lomweli lidakhazikitsa komiti ya dziko lonse yoyang'anira nkhondoyi, yomwe ina mwa ntchito zake ndi kuphunzitsa anthu, komanso thumba la ndalama zothandizira ntchitoyi. Chikwapu chilipo ndithu. Chovuta ndi chakuti chikwapu chimagwira ntchito mlandu utachitika kale, pomwe chikwangwani chimayesa kutchinjiriza mlandu usanachitike.

Chitsanzo chodziwika cha lamulo la zikwangwani ndi cha boma la California ku America, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2012 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2013. Lamulolo lidatchula malo oyenera kupachika chidziwitso, monga mabwalo a ndege, madepoti a basi ndi sitima, malo opumirako oyendetsa malole, malo omwera mowa, zipinda zolandirira odwala mwakayakaya m'zipatala, maofesi opezera anthu ntchito, ndiponso malo a anthu amene ntchito yawo ndi kulemba antchito a m'minda. Lidalamula kuti pepalalo lisachepere mainchesi 8.5 mulifupi ndi 11 mulitali, zilembo zikhale zazikulu zowerengeka, ndipo uthenga ulembedwe m'Chingerezi, m'Chisipanishi ndi m'chilankhulo china chofala m'deralo. Pamene lamuloli linkayamba, wolephera kupachika ankalipira madola 500 koyamba ndi madola 1,000 akabwereza.

Lamuloli lili ndi zabwino zake zosakanika. Choyamba, silisiya nkhani ya kuchenjeza anthu m'manja mwa mabungwe achifundo okha, amene ntchito yawo imatha ndalama zikatha. Limapereka udindo kwa mwini malo amene amapindula ndi anthu odutsa pamalopo. Chachiwiri, limazindikira kuti minda ndi amodzi mwa malo amene anthu amazunzikirako, osati malo omwera mowa okha. Chachitatu, uthenga wake sutaya nthawi ndi mawu a maloya. Umangouza wowerenga kuti ngati iye kapena wina amene akumudziwa akukakamizidwa kugwira ntchito ina iliyonse ndipo sangathe kuchoka, aimbe lamya yaulere usana kapena usiku, ndipo chinsinsi chake chidzasungidwa. Munthu wosadziwa dzina la mlanduwo angathe kudzizindikira yekha m'mawu oterewa. Mpaka apa lamuloli ndi loyenera kuliyamikira. Koma chovala chosokedwera munthu wina sichikwana aliyense, ndipo mbiri ya Thyolo ikusonyeza chifukwa chake.

Tiyi adayamba kulimidwa ku Thyolo cha m'ma 1908 pa esiteti ya Bandanga, ndipo minda ina monga Satemwa, yomwe idatsegulidwa mu 1923, idatsatira. Manja ambiri amene adaswa mphanje m'minda ya m'dera lino adali a Alomwe, omwe adayamba kulowa m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pothawa misonkho ndi chibalo cha Apwitikizi ku Mozambique. Pofika kuno adapeza malo achonde ali m'manja mwa Azungu, ndipo kuti amange nyumba ndi kulima kamunda adayenera kugwira ntchito ya mwini malo m'malo mwa lendi. Mchitidwe umenewu unkatchedwa thangata. Lamulo la 1928 lidalola kuti wokhala pa esiteti alipire lendi ndi ndalama, ndi ntchito kapena ndi mbewu, koma lidalolanso mwini malo kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthuwo pa zaka zisanu zilizonse. Mkwiyo wa nkhani za malo ndi thangata udathandiza kubutsa zipolowe za ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata adathetsedwa mu 1962.

Chofunika kuchiona apa ndi dzinalo. Kale kuthangata kunali kuthandizana, monga pamene anansi asonkhana kukalimira mnzawo kapena mfumu yawo. Mawu abwino amenewa ndiwo adavekedwa ntchito yokakamiza. Chimodzimodzinso bungwe lina lomwe linkalemba anthu a kuno kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, linkadziwika ndi dzina lakuti Mthandizi. Lina linali Wenela, lomwe linkatenga anyamata kupita kumigodi ya ku South Africa mpaka pamene ndege idagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi 74. Mabungwe amenewa ankagwira ntchito mololedwa ndi boma, ndipo ambiri amene adapita adabwerako ndi njinga, malata ndi mabulangete. Komabe ena sadabwerere ndipo adasanduka matchona. Mbiri imeneyi idasiya zinthu ziwiri m'mitima ya anthu. Idawaphunzitsa kuti chuma chimapezeka poyenda, ndiponso idazolowetsa makutu awo kumva ulendo wa ntchito ukutchulidwa kuti thandizo. Wozembetsa anthu wa lero amalankhula chilankhulo chomwecho.

Apa ndipo paonekera chilema choyamba cha chikwangwani cha mtundu wa ku California. Icho chimalankhula ndi munthu amene wagwidwa kale mumsampha, pakuti California ndi malo amene anthu amafikirako. Thyolo ndi malo amene anthu amachokerako. Boma limeneli lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo malo olima ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa maesiteti. Kwa zaka zambiri mabanja a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe akhala akunyamulidwa pamalole kupita kuminda ya fodya ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, komwe ngongole ya chakudya ndi feteleza inkadya phindu lonse la chaka, mpaka lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021 kuthetsa utenanti. Munthu wotere pamene ali kwawo sakakamizidwa kanthu, ndipo angathe kuchoka kapena kukhala monga afunira. Chikwangwani chomufunsa ngati watsekeredwa adzachiwerenga ndi kunena kuti si chake.

Tsiku limene mawuwo adzakhale ake, chikwangwanicho chidzakhala chili kutali. Mu Julayi 2016 apolisi a ku South Africa adaimitsa lole pafupi ndi Rustenburg ndipo adapezamo ana ndi achinyamata 57 a ku Malawi. Mu Novembala 2019 Amalawi 91, ena mwa iwo ana, adapezeka akugwira ntchito motsekeredwa m'fakitale ina mumzinda wa Johannesburg, ndipo mu 2025 khoti lidagamula nzika zisanu ndi ziwiri za ku China kukakhala m'ndende zaka 20 aliyense. Mu 2024 wayilesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adabwezedwa kuchokera ku Oman, komwe adakagwira ntchito za m'nyumba mozunzika atalonjezedwa zina. Anthu onsewa adali ndi tsiku limene adali pakhomo pawo, asananyamuke, akusinkhasinkha lonjezo. Limenelo ndilo tsiku la chikwangwani. Lamulo loyenera Thyolo liyenera kulamula uthenga wolankhula ndi munthu amene akulongedza katundu.

Chilema chachiwiri chili m'mawu ndi m'zithunzi. Mawu akuti kuzembetsa amapatsa chithunzi cha munthu wodutsitsidwa usiku m'njira yachidule kuti apewe alonda a m'malire. Munthu wokwera basi masana pa depoti ya Wenela ku Blantyre, chiphaso chili m'manja, kulowera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, sadziona ngati wozembetsedwa. Mawu akuti kugulitsa anthu amakumbutsa ukapolo wakale wa magoli m'khosi, kapena nkhani zoopsa za ziwalo za anthu. Ojambula zikwangwani nawonso amakonda kuonetsa unyolo, manja omangidwa ndi chingwe, kapena munthu wobisa nkhope akukoka mwana. Koma amene amabwera kudzatenga mtsikana pamudzi samanga munthu manja. Kawirikawiri amakhala azakhali ake, mnzake wa kusukulu, wopemphera naye, kapena mnyamata wa pamudzi pomwepo amene wabwera kuchokera ku Joni atavala bwino. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chikwangwani chojambula chilombo chimathandiza wachibaleyo kubisala, popeza iye safanana nacho m'pang'ono pomwe.

Palinso ngozi ina imene olemba zikwangwani ayenera kuikumbukira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya chifukwa chongoganiziridwa. Dera limene lidaona zotere silifunika uthenga wobzala mantha a mlendo aliyense. Uthenga wabwino suuza anthu kuti aope nkhope yachilendo. Umawauza zizindikiro za lonjezo lonama, zimene angathe kuziyesa modekha ngakhale wolonjezayo ndi mbale wawo.

Nkhani ya mawu imafikanso pa kuwerenga. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu ndi kupitirira, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo chiwerengerochi ndi chokwererapo pakati pa amayi. Lamulo lokhutira ndi kukula kwa pepala ndi zilembo lidzasiya kunja anthu omwe ali pangozi yaikulu. Motero liyenera kulamula kuti uthengawo ukhale m'Chichewa chapafupi, ndiponso kuti uziwerengedwa mokweza pa nthawi zoikika, monga pa tsiku la malipiro ndi pa tsiku limene antchito a nyengo akutsanzikidwa. Malo opachikapo nawonso asankhidwe motsata mapazi a anthu a kuno. Bwalo la ndege silikhudza mayi wa ku Makwasa. Chimene chimamukhudza ndi sikelo yoyezera tiyi, chigayo, mjigo, msika wa Luchenza, siteji ya minibasi ndi kabaza, kanyumba kotumizira ndalama pafoni, ndi sikelo ya ana kuchipatala. Boma la Georgia ku America lidalamula kuti zidziwitso zotere zizipachikidwa ngakhale m'zimbudzi za malo ena, chifukwa ndi mokhamo mmene munthu wolondedwa amakhala payekha. Nzeru yake ndi yoyenera kuitengera: uthenga ufike pamene munthu angauwerenge popanda diso lomuyang'anira.

Wina angafunse chifukwa chake eni minda ya tiyi asenzetsedwe udindo umenewu. Ndi zoona kuti kugwira ntchito pa esiteti si kuzembetsedwa. Wothyola tiyi amalembedwa poyera, amalipidwa, ndipo madzulo amapita kwawo. Koma esiteti ndiyo imasonkhanitsa anthu mazanamazana pamalo amodzi, ndiyonso imawamasula nthawi imodzi masamba akachepa. Palibe wina m'boma lonse amene angathe kulankhula ndi anthu ambiri chotere pa nthawi yoyenera chotere. Komanso chikwangwani chonena kuti malipiro sayenera kulandidwa, kuti mwana sayenera kugwira ntchito yoopsa, ndi kuti palibe wololedwa kupempha thupi la mayi posinthana ndi ntchito, chimatchinjiriza wantchito kwa wolonjeza wa kutali ndiponso kwa kapitawo wosakhulupirika wa pafupi. Chifukwa cha ichi mawu a pachikwangwani asasiyidwe kwa mwini malo. Alembedwe ndi boma, ndipo alangizi a zantchito aziyendera kuona ngati chilipo pamalo poonekera.

Chilema chachitatu ndicho chachikulu. Chikwangwani ndi lonjezo. Chimauza munthu kuti akaimba nambala yakutiyakuti wina adzayankha. M'Malawi muli nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Koma ngati mayi aimba ndipo lamya ingolira, kapena afika kupolisi ndi kuuzidwa kuti galimoto ilibe mafuta, kapena mwana wopulumutsidwa asowa pogona usiku womwewo, ndiye kuti boma lachita zomwe amachita wozembetsa uja: lalonjeza chimene silinapereke. Mbiri ya kulephera kotere imayenda msanga m'midzi kuposa pepala lililonse. Lamulo lolipitsa chindapusa mwini sitolo chifukwa chosapachika pepala, koma osakakamiza boma kuyankha lamya, ndi lamulo loyenda ndi mwendo umodzi.

Otsutsa ena amanena kuti zonsezi ndi kutaya nthawi, popeza chimene chimachotsa anthu pamudzi ndi njala ndi kusowa kwa malo, ndipo pepala silikhutitsa mimba. Mfundo imeneyi ndi yoona mbali imodzi. Mnyamata wopanda munda ndi ntchito adzapita ndithu ngakhale makoma onse a Thyolo atakutidwa ndi zikwangwani. Koma ntchito ya chikwangwani si kuletsa ulendo. Chikwangwani chongoti musapite chidzasekedwa, pakuti aliyense akudziwa nyumba ya malata imene idamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Ntchito yake ndi kusiyanitsa ulendo ndi ulendo, ndi kupatsa wapaulendo mafunso oti afunse, pakuti safunsa adadya phula.

Tsono chikwangwani choyenera minda ya tiyi chikhoza kukhala ndi mawu ochepa onga awa: "Kodi wina wakulonjezani ntchito kutali? Funsani dzina la bwana, malo ake ndi malipiro, ndipo zilembedwe musananyamuke. Akakulipirirani ulendo, funsani kuti mudzabweza zingati. Chiphaso chanu, chitupa chanu ndi foni yanu musapatse munthu. Akakuuzani kuti musauze aliyense, kauzeni amfumu kapena apolisi. Mwana wosakwana zaka 18 musamupereke, ngakhale kwa mbale." M'mawu amenewa mulibe unyolo, mulibe chilombo, ndipo mulibe ngakhale dzina la mlanduwo. Muli zinthu zimene wonamiza sangazipirire, chifukwa malonda ake amadalira changu, chinsinsi ndi ngongole yosadziwika kukula kwake. Wolemba anthu ntchito moona adzayankha mafunsowa mosavuta. Wabodza adzakwiya kapena adzafulumizitsa ulendo, ndipo pomwepo adzadziulula.

Pomaliza, malamulo okakamiza kupachika zikwangwani ndi oyenera kuwalandira, koma osati kuwakopera monga alili. Ubwino wake ndi wakuti amasandutsa chenjezo kukhala udindo wa tsiku ndi tsiku, osati chikondwerero cha pa 30 Julayi pokha, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi mchitidwewu. Kufooka kwake ndi kwakuti n'kosavuta kuwerenga mapepala opachikidwa ndi kuganiza kuti ntchito yatha. Anthu a ku Thyolo adamva kale mawu okoma a thangata ndi a Mthandizi, ndipo lero zidzukulu zawo zikumva mawu omwewo pakhonde ndi pa WhatsApp. Wolonjezayo amadziwa mwezi woyenera kubwera, amadziwa chilankhulo cha pamudzi, ndipo lamya yake amayankha nthawi iliyonse. Chikwangwani chimene chikufuna kupikisana naye chiyenera kufika msanga kuposa iye, kulankhula momveka kuposa iye, ndi kusunga lonjezo limene iye sasunga.